Mmisiri Amene Anasunga Zida za Kompyuta Ngati Njerwa

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi dzina lake Zione. Ntchito yake ankaidziwa. Khoma lake likaima, limaima ndithu. Koma anali wamakani, ndipo munthu akamuuza chinthu chimene sanachione yekha ndi maso ake, ankangoseka.

Tsiku lina anapita ndi mwanayo m'tauni kukagula misomali. Mvula inawapeza, ndipo anakausa mu shopu ina momwe anthu ankasewera magemu a pakompyuta. Nthawi imeneyo Zione anali asanamalize pulayimale. Anaima kukamwa kuli yasa, kuonerera magalimoto akuthamanga pa sikirini. Mwini shopuyo anali mayi wina amene ankagulitsanso zida za makompyuta n'kumazilumikiza. Mayiyo anawakokera mipando iwiri kuti ayeseko. Anasewera mpikisano wa magalimoto, bambo ndi mwana wake. Galimoto ya bamboyo inkangogunda makoma, ikabwerera kumbuyo n'kugundanso. Zione anaseka mpaka misozi, bambo ake n'kumaseka naye. Mvula inakata kalekale, iwo osadziwa.

Panjira mwanayo anati, "Ababa, tidzabwerenso eti?"

Bamboyo anati, "Kubwera kwa eni? Ndidzakumangira kompyuta yako kunyumba, yoposa ija. Tizidzasewera pathu, ine ndi iwe."

Sanali kunama ayi. Ankamukonda mwana wakeyo zedi. Sabata yotsatira anabwerera kwa mayi uja kukafunsa mmene kompyuta ya magemu imamangidwira. Mayiyo anatsegula ina n'kumuonetsa m'kati. Anamuonetsa bokosi losungiramo zonse. Anamuonetsa bolodi, pomwe chida chilichonse chimalumikizidwa. Anamuonetsa purosesa, kachida kakang'ono koyendetsa ntchito yonse, kamene kamakhala pa timapini tambirimbiri ta pa bolodipo. Anamuonetsanso ramu, timatabwa tating'ono tolowa m'ngalande zake, ndi khadi la zithunzi, lomwe limachititsa kuti magemu azioneka bwino.

Kenako mayiyo anati, "Bambo, njira zilipo ziwiri. Tengani zida zapakatikati zimene zikugwirizana, ndikulumikizireni mwezi womwe uno, mwana azisewera. Apo ayi, dikirani mudzagule zonse pamodzi. Koma musagule chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Opanga zinthuzi amasintha kapangidwe. Bolodi la lero silidzalandira purosesa ya m'tsogolo."

Mmisiri uja anaseka. Anati, "Mayi, ndani wa ife anamangapo nyumba kamodzin'kamodzi? Umaumba njerwa chaka chino n'kuwotcha. Chaka chamawa ugula malata n'kuika pansi pa bedi. Mafelemu amabwera pambuyo. Nyumba zonse mukuzionazi zinamangidwa choncho, ndipo palibe inagwa. Komanso mwana wanga sangasewere pa zapakatikati. Chida chilichonse chikhala chapamwamba."

Tsiku lomwelo anagula bolodi, labwino kuposa onse amene anali mu shopumo, n'kupita nalo kunyumba.

Musamuseke msanga, abale anga. Nzeru imene ananenayo ndi yathu tonse, ndipo yatipatsa pogona. Ambiri muno muli ndi malata pansi pa bedi, ndikunama? Njerwa imadikira. Uisiye pamvula zaka, ukadzabwera uipeza ili njerwa ndithu. Kulakwa kwa munthuyu kunali kuganiza kuti zinthu zonse zimadikira ngati njerwa.

Bolodi lija analikulunga bwino n'kuliika pamwamba pa kabati. Zione ankalitsitsa, kulisuzumira, n'kulibwezera. Loweruka likafika ankati, "Ababa, poti yathu sinathe, tipiteko ku shopu kuja tikasewere kamodzi kokha." Bamboyo ankayankha kuti, "Dikira yathu. Tisamakapanikizane ndi anthu." Mwanayo ankangoti chabwino.

Chaka chotsatira anagula bokosi. Anasankha lokongola, la galasi mbali imodzi, osayeza kuti m'katimo muli malo otani. Kwa mayi uja sanapitenso, chifukwa sanafune kumva zotsutsana ndi maganizo ake. Ankagula kwina, ndipo akafika ankangoti, "Ndipatseni chapamwamba kwambiri." Ogulitsa ena ankafunsa kuti bolodi lanu ndi lotani. Iye ankati, "Labwino kwambiri," basi nkhani yathera pomwepo.

Zione analowa sekondale. Anafunsabe za ku shopu kuja, koma mwa apo ndi apo. Yankho linali lomwe lija. Kenako anasiya kufunsa, ndipo bambo ake sanazindikire n'komwe kuti wasiya. Iwo anali kalikiliki pa ntchito, kukwera makwerero dzuwa lili pamutu, mumtima akuwerengera chida chotsatira. Pamwamba pa kabati panadzaza. Khadi la zithunzi linabwera, lalitali, lolemera. Ramu inabwera pambuyo pake, yamtundu watsopano. Alendo akabwera, mmisiriyo ankawalozera pakabatipo monyadira, amvekere, "Zonsezo n'za Zione."

Chida chomaliza chinali purosesa. Inafika Zione atamaliza sekondale, atasankhidwa kale kukaphunzira unamwino kutali ndi kwawo. Anali oti anyamuke Lolemba. Loweruka masana bambo ake anayala nsalu patebulo, n'kutsitsa zonse za pakabati, nkhope ili mwee. Anati, "Zione, bwera. Lero ndi tsiku lija." Mwanayo, amene tsopano anali namwali wamtali kuposa mayi ake, anasiya kulongedza zovala n'kukhala pambali pawo.

Anayamba ndi khadi la zithunzi. Linakana kulowa m'bokosi, linali lalitali. Mmisiriyo anati palibe kanthu, bokosi lizikhala lotsegula. Anatenga ramu. Kampata kake sikanagwirizane ndi ngalande ya pa bolodi, kanaphonya pang'ono chabe. Anaitembenuza, inakanabe. Anaiika pambali n'kutenga purosesa. Anaikhazika pamalo pake, koma sinakhale. Inkangogwedezeka pamwamba.

Zione anati, "Ababa, sizikulowa izi. Tiyeni tikafunse mayi aja."

Apa ndiye panali poimira. Akanabweza dzanja, bolodi likanatsala lamoyo, ndipo mwina mayi uja akanawasinthira zida zina n'kupeza zogwirizana. Koma munthuyu anali atadikira zaka, atauza mudzi wonse, ndipo mwana wake anali kumuyang'ana. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anasanduka makani.

Anati, "Njerwa ikakana kulowa pakhoma, sitikafunsa kwa anthu. Timaigogoda."

Anaika chala chachikulu pa purosesa ija, chala chimene chanyamula njerwa moyo wake wonse, n'kudinikiza. Kunamveka kaphokoso kakang'ono. Atachotsa purosesayo, timapini ta pa bolodi tinali titagona, tina titathyoka.

Zione anadzuka mwakachetechete n'kukapitiriza kulongedza.

Lolemba m'mawa, popita kukakwera basi, anadzera ku shopu kuja, zida zili m'katoni. Mayi uja anali alipobe, tsitsi litayamba imvi. Anayang'ana bolodi n'kupukusa mutu. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Bolodi lafa, bambo. Ndipo likanakhala lamoyo, purosesa iyi ndi ramu iyi sizikanalowapo. Chida chilichonse pano n'chabwino. Koma palibe chimene chinagulidwa poganizira chinzake."

Mmisiriyo anabweza bolodi lija m'katoni. Atatembenuka anaona mipando iwiri yopanda anthu patsogolo pa sikirini, magalimoto akuthamanga okha. Mtima unamuwawa. Anati, "Zione mwana wanga, tiye tikhale apa. Tisewereko kamodzi."

Zione anayang'ana mipandoyo, kenako anayang'ana panja pomwe kondakitala anali kuitana anthu. Anati, "Basi ikunyamuka, Ababa." Ananyamula chikwama chake, ndipo atafika pakhomo anaima. Sanalankhule mokwiya ayi, analankhula mofatsa. Anati, "Ine sindinkafuna yoposa ija. Ndinkangofuna kuonanso galimoto yanu ikugunda makoma."

Bamboyo anamuperekeza mpaka pa basi, n'kumukwezera chikwama. Anabwerera kunyumba yekha ndi katoni ija. Zida zina anagulitsa. Bokosi la galasi linatsala, ndipo mpaka lero lili pamwamba pa kabati, lopanda kanthu m'kati. Zione amabwera pa tchuthi, amawalemekeza bambo ake, amawagulira mankhwala a msana. Koma kamtsikana kamene kankaseka mpaka misozi kanakula kalekale, ndipo m'moyo wawo wonse awiriwo anasewera limodzi tsiku limodzi lokha, la mvula lija.

Tsono inu amene mukundimvera, makamaka inu azibambo, nkhaniyi ikundiwawa poinena chifukwa munthuyu sanali woipa. Sankamwa, sankamenya mwana, ankangofuna kupereka chapamwamba. Ngati mukumanga kompyuta, funsani kaye ngati chida chimene mwagwiracho chikugwirizana ndi chimene muli nacho kale, ndipo chikakana kulowa, bwezani dzanja. Koma sindinakuuzeni nkhaniyi chifukwa cha makompyuta okha. Aliyense wa inu ali ndi chinthu chimene akusonkhanitsira mwana wake, mkazi wake, kapena kholo lake lokalamba, n'kumati dikira, ndikadzamaliza tidzasangalala. Amene mukumusonkhanitsirayo sakuima pamalo amodzi. Chaka chino ndi wina, chaka chamawa adzakhala winanso. Ngati wakupemphani kanthu kakang'ono kamene mungathe lero, mupatseni lero. Ndipo ngati anasiya kupempha, musaganize kuti wakhutira. Mukabwerera kunyumba, mukamufunse kuti anasiyiranji.