Dothi Limene Linatsikira kwa Nachanza

Kale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi dzina lake Nachanza. Iyeyu anakwatiwa chitengwa, ndiko kuti anachoka kwawo n'kukakhala kwawo kwa mwamuna. Mwamunayo atamwalira, mkulu wa malemuyo, Chimbalanga, anatenga munda wonse wa kumtunda, wa dothi lakuda, nasiyira wamasiyeyo kamunda ka kumunsi kodutsa khwawa pakati. Palibe amene anatsutsa. Mkazi wa chitengwa analibe mawu pa nkhani za malo, ngakhale kuti manja ake ndi amene anaswa mphanje m'munda wolandidwawo.

Nachanza anadziwa kuti kamundako kakalephera kumudyetsa pamodzi ndi mwana wake Ndaziona, adzauzidwa kuti abwerere kwawo, asiye manda a mwamuna wake.

Zaka zimenezo mvula inkagwa yochepa, ndipo khwawa linauma. Chimbalanga anadula mitengo ya m'mphepete mwake, nakwirira mbali yake ya khwawalo ndi mapesi ndi dothi kuti munda wake ukule. Mizere anaiunga motsata kutsetsereka kwa phiri, poti kulima kotero sikupweteka msana.

Nachanza sanayerekeze kutero. Mkokomo wa madzi umene anaumva chaka chimene analowa m'mudzimo unali usanachoke m'makutu mwake. Mbali yake ya khwawa anaisiya yotsegula, nadzala nsenjere m'mphepete, nayamba kusanja miyala mopingasa. Womuthandiza anali Nankhwazi, mkazi wa Chimbalanga yemweyo, amene ankachoka pakhomo ponena kuti akukatola nkhuni.

"Amake Ndaziona, anthu akuti mutu wanu sukuyenda, mukulima miyala," anatero Nankhwazi akutula mwala.

"Ikacha ndidzakupatsaniko dengu limodzi, mukakazingire ana," anayankha Nachanza, ndipo onse anaseka mpaka misozi.

Kenaka Nankhwazi anatsitsa mawu. "Zimene anakuchitani bambo a kunyumbawa zimandisowetsa tulo."

"Musadzisenzetse mlandu wa eni, mnzanga. Mwala mwasenzawu ukukukwanirani."

Tsiku lina masana, chimanga chili m'mawondo, kunagwa chimvula. Madzi anatsika m'phiri popanda chowaletsa, nathamanga m'mizere ya Chimbalanga ngati m'ngalande, nafukula mapesi ovunda aja. Khwawa linatsegukanso pomwe linali kale. Nachanza anaima pakhonde atafungatira mwana wake, mtima uli m'mwamba, akuona madzi akuda akulunjika kumunda kwake. Koma pa mpanda uliwonse wa miyala liwiro lawo linkachepa, ndipo pofika pa nsenjere anatula dothi limene ananyamula, napitirira mofatsa.

Mvula itakata, Chimbalanga anatsika. Kumtunda kunatsala lubwe ndi mizu yokhayokha, pamene kwa Nachanza dothi lakuda linali litaunjikana.

"Alamu, dothi ili ndi langa," anatero.

Nachanza anali ndi mawu owawa amene anawasunga kuyambira tsiku la maliro, ndipo anali ndi chifukwa chowalankhulira. Koma anaona Nankhwazi ataima kumbuyo kwa mwamuna wake, manja ali kunkhongo, ndipo anawameza.

"Ndi lanu ndithu, alamu, koma kulikweza kumtunda sitingathe. Mbali iyi adzalepo mbatata aNankhwazi, ana asagone ndi njala. Inu dulani nsenjerezi mukadzale kwanu, kuti lotsalalo lisatsikenso."

Chimbalanga anakhala pansi, nawerama. "Ndinkayesa kuti madzi ndawatsekera njira," anatero.

"Abambo," anatero Nankhwazi mofatsa, akumugwira paphewa, "madzi saiwala khwawa."

Zoti Nachanza abwerere kwawo sizinamvekenso m'mudzimo, koma mawu a Nankhwazi anafalikira m'midzi yonse, mpaka anasanduka mwambi.

Tikamati madzi saiwala khwawa, timatanthauza kuti chinthu chimabwerera m'njira imene chinazolowera, ngakhale papite zaka. Mtsinje wouma udzayendanso, ndipo khalidwe lakale la munthu limatulukira tsiku limene simukuliyembekezera. Kukwirira khwawa sikuthetsa madzi, monganso kukhala chete kwa mudzi sikuthetsa cholakwa chimene wamasiye wachitiridwa. Wanzeru amawasiyira madzi njira yawo, n'kuisamalira mvula isanabwere.