Nsapato ya a Lembani

Pasukulu ina ya sekondale panali mphunzitsi amene ana anawatcha a Lembani, chifukwa ndakatulo iliyonse ankaiphunzitsa mofanana: iwo kunena tanthauzo, ana kukopera. Kalasi ya mayeso inali yawo kuyambira kalekale, ndipo ankaiteteza ngati nkhuku yofungatira mazira.

Tsono kunabwera mayi wina wachitsikana kudzaphunzitsa makalasi apansi. Posakhalitsa ana anayamba kumutsatira mpaka pakhonde, akukangana za ndakatulo. A Lembani nsanje inawagwira, moti ngakhale tiyi wa pa buleki ankawawawira.

Tsiku lina anasuzumira pawindo la mayiyo. Anaona kapu yong'aluka ili patebulo, mphunzitsi ali duu, ana akulemba, wina akupukuta misozi.

"Ha! Matsenga ake ndi omwewa? Kapu basi?" anatero chamumtima.

Mayiyo anawaona, n'kutuluka. "Bambo, lowani mukhale nafe. Kapuyi ndi kumapeto chabe. Mukafuna ndikuonetsani poyambira pake."

"Ine kuphunzitsidwa ndi mwana wadzulodzuloli? Choko ndinayamba kugwira inu musanamere mano!"

Chimene pawindo sichinaoneke n'chakuti mayiyo ankayamba ndi kuwerenga ndakatulo mokweza, mosathamanga, n'kufunsa mwana aliyense mmene mtima wake wamvera. Kenako ana ankasimba za kwawo: jekete la bambo amene anachoka, mpando umene sakhalaponso munthu. Pofika pa kapu, anali atadziwa okha kuti chinthu wamba chimatha kusenza chisoni cha nyumba yonse.

Ahedi atalengeza kuti aonerera aphunzitsi awiriwa kuti asankhe wodzatenga kalasi ya mayeso teremu yotsatira, a Lembani anati laponda lamphawi. Tsikulo analowa m'kalasi ndi nsapato yakutha, n'kuiika patebulo kuti phi! Anapinda manja, n'kukhala chete.

Ana anayang'ana nsapato, anayang'ana aphunzitsi awo, zolembera zili m'manja, kudikira. Kumbuyo wina anatsokomola pobisa phwete.

Ahedi analoza mtsikana wapatsogolo. "Iwe, ukaiona nsapatoyi mtima wako ukuti chiyani?"

Mtsikanayo anaimirira mwaulemu. "Pepani, aphunzitsi sanatiuze yankho."

"Umphawi!" anakuwa a Lembani, thukuta lili kamukamu. "Ikuimira umphawi! Simukuona kodi?"

Mitu yonse inawerama nthawi imodzi. Ana analemba liwu limodzilo mwaukhondo, ena mpaka kudula mzere pansi pake. Ahedi ananyamuka n'kutuluka.

Kalasi inapita kwa mayi uja. Zinawapweteka a Lembani, osati masewera, makamaka pomva kuseri kwa khoma ana awo omwe aja akulimbirana kuyankha. Uchi unali pafupi, mwini wake anachita kuwaitanira, koma nsanje inawatseka pakamwa, iwo n'kutola chokhacho chimene maso anaona. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.