Ndaziona ndi Bodza la Kuchigayo

Mphambe ching'aning'ani! Ndikanama pano lilime langa liume ngati chikopa. Ine bodza sindilidziwa, ngakhale kutulo.

Kalekale, chigayo chitangofika kwathu, Zuze anafedwa mkazi pobereka. Khanda linapulumuka. Panalinso mwana wamkulu, Ndaziona, wongogula mano kumene. Tsiku lomwe amake ankapita kuchipatala, mwanayo, nsanje ya khanda itamugwira, anakuwa: "Pitani, musabwerenso!"

Sanabweredi. Maliro mwana sauzidwa, choncho azakhali ake, a Nachisale, anati, "Amako apita kuchigayo."

Ndaziona ankakhala pamphambano kudikira. Kenako anasiya kulankhula, anasiyanso kudya. Anaonda mpaka mphepo ikaomba tinkamutsamiritsa mwala. Zuze ankamuyang'ana n'kuona manda achiwiri. Khandalo linali lisanatchedwe dzina, ndiye analumbira: "Wondibwezera mwanayu ndiye adzatche mng'ono wakeyu."

Anayamba a Nankhoma a kuchipatala, odziwa kumvetsera mitima ya ana. Jakisoni analibe, mapilitsi analibe. Anangoyala mkeka, naika dongo, nakhala chete. Ndaziona anaumba mayi wosenza thumba, namuphwanya, namuumbanso, namufunditsa kansalu. Mawa lake chimodzimodzi.

"Bambo a Ndaziona," anatero a Nankhoma, "mwanayu wawakwiyira amake, akuwasowanso, ndipo akuganiza kuti anawathamangitsa ndi iyeyo. Zonsezo mumtima umodzi. Muuzeni zoona."

Zuze anayesa, koma analephera.

Malume ake a mwanayo, a Kamtukule, anamva. Anaswa mwambo, namunyamula paphewa mpaka kumanda, kosafika ana.

"Mphwanga, amako ali apa. Wawapha ndi uchembere, osati pakamwa pako."

Mwana anakuwa! Masamba onse a kumandako anayoyoka, ndipo a ku Tete anatumiza munthu kudzafunsa. Koma pobwerera Ndaziona anapenya khanda lija ndi diso la chidani. Chakudya anakanabe.

Tsono a Nachisale, eni bodza aja, anagwada pamaso pa kamwanako.

"Wonama ndine, mayi wanga. Ukafuna womenya, menya ine, khanda lisiye."

Ndaziona anawamenya mpaka timanja titatopa, nagwera pachifuwa pawo akulira. Iwo anatenga chitenje cha malemu, namubereketsa mng'ono wake. Mwana anaimirira, nanunkhiza chitenjecho.

"Akulemera," anatero. "Ndipatseni phala."

Zuze analira ngati mwana. Koma lumbiro lija linamudikira pakhomo.

"Popanda dongo langa, ndani akanadziwa chomudya mumtima?" anatero a Nankhoma.

"Kudziwa n'chiyani?" anatero a Kamtukule. "Anthu akundinyoza mudzi wonse chifukwa cha manda aja."

"Nonse munatsegula bala," anatero a Nachisale. "Walimanga ndani?"

"Walicheka ndani?" a Kamtukule anabweza.

Zuze anangogwira njakata, khanda lili chikhalire lopanda dzina.

Iwe wa kumbuyoko, ukuti dongo silichiza munthu? Zamkutu! Ndinalipo, dongolo ndinakumba ndine, ndi chala chimodzi.

Tsono weruzani inu: khandali alitche ndani, amene anamva za mumtima mwa mwana, amene anamuuza zoona, kapena amene anamunamiza n'kulandira nkhonya zake?