Khola la Dona ndi nyumba ziwiri za a Lameki

Ana inu, a Lameki Chadzunda simunawapeze, koma amayi anu akuwadziwa bwino, kungoti sangakuuzeni. Anali bambo wamtima wabwino, wokonza njinga pamsika, ndipo chilema chawo chinali chimodzi: pakamwa pawo sipankatuluka mawu akuti ayi. N'chifukwa chake anapezeka ali ndi akazi awiri. Wamkulu, Nangondo, ankakhala tsidya lino la dambo, wamng'ono, Nasimango, tsidya linalo. Pakati pake panali kanjira kodutsa m'minda ya chimanga, kopanda ndi mtengo womwe woti munthu n'kuusapo. A Lameki ankagona sabata kuno, sabata uko.

Munthu amene a Lameki ankamuopa padziko pano anali mmodzi, mlongo wawo wamkulu a Velina, amene anawalera makolo atamwalira. Ana a mayiwa anali atakula n'kubalalika, ndiye iwo ankakhala ndi kalulu woweta, woyera mbuu, wamaso ofiira, dzina lake Dona. Musaganize za ndiwo. Dona ankagona m'nyumba, ankadya kholowa wotsuka, ndipo a Velina ankacheza naye ngati munthu.

Chaka china, chimanga chili m'chiuno, mwana wa a Velina wa ku Lilongwe anabereka n'kuitanitsa mayi ake. Mkamwini anakaniratu kuti kalulu m'nyumba ya lendi salowa. Choncho a Velina anamuika Dona m'katoni n'kukamutula kwa mlongo wawo pamsika.

"Lameki, mwana wangayu azigona m'nyumba. Panja pali agalu ndi linthumbu. Um'pangire khola labwino, ndidzam'peze wamoyo."

"Musadandaule achemwali," anatero a Lameki.

Nkhani inafika matsidya onse dzuwa lisanapendeke. Akazi awiri aja ankadziwa kuti kumene kugone Dona n'kumene alamu awo adzafikire pobwera, ndipo nyumba imeneyo ndiyo idzatchedwe kwa Chadzunda kwenikweni. Nangondo anati khola limangidwe kwake poti wamkulu ndi iye. Nasimango anati kalulu wozolowera ukhondo ayenera pabalaza pamene pali masofa. A Lameki anavomera kuno, anavomeranso uko.

Ndalama analibe, koma luso la manja anali nalo, zimenezo tisawanamizire. Anapempha makreti othyoka kwa ogulitsa tomato, nazula misomali yake n'kuiwongola pamwala. Anatola lata lakale loyala pansi kuti mkodzo usanyowetse nyumba, ndi zidutswa za tayala la njinga zoti chitseko chizitsegukirapo. Chogula chinali waya yekha, uja timatchingira anapiye, ndipo anangokwanitsa wa khola limodzi. Zinthu zimenezi zikanalowa m'nyumba imodzi, anthu akanamabwera kudzaonera. Koma bambo aja anakhala kuseri kwa msika, nadula waya uja pakati, nagawa matabwa milu iwiri.

Kwa Nangondo kunapita lata ndi zipupa, koma chivundikiro panalibe, ndiye pamwamba anaikapo lichero n'kutsindira njerwa. Kwa Nasimango kunapita chitseko ndi chivundikiro, koma waya anangokwana kumaso, m'mbali anatchinga ndi bango, pansi pali dothi. Aliyense anauzidwa kuti khola lenileni ndi lakelo, zotsalazo zikubwera Lolemba. Malolemba anadutsa angapo. Dona naye analowa mitala, sabata kuno, sabata uko, akuyenda m'katoni.

Kalulu ndi wofatsa pankhope pokha. Kwa Nangondo anaphunzira kukankha lichero ndi mutu, ndipo tsiku lina mwini nyumba ali kumunda anatuluka n'kukapeza bulauzi yoyera ya kutchalitchi ili yosita pampando. Anaidya mkono umodzi mpaka m'chigongono. Kwa Nasimango anatafuna bango, nakumba dzenje kuseri kwa sofa, nadula waya wa wailesi, ndi tinsalu toluka ta pamipando tomwe sanatisiye. Akaziwo anapirira, aliyense akuti wavutikira chake.

Paja awiriwa sankalankhulana, koma chigayo m'dera lathu n'chimodzi. Ali pamzere, Nasimango anadandaulira mnzake wina kuti khola lake likudikira lata. Mayi wina kumbuyo anati lata ngati limenelo waliona kwa Nangondo, kungoti khola lake ndi lopanda chivundikiro. Nangondo anali pomwepo, wakhalira thumba lake. Anthu anasiya zopeta, akuti lero tionera. Koma ndewu sinachitike. Awiriwo anafunsana bwinobwino kuti waya wanu ndi wotalika bwanji, anayeza ndi mikono, ndipo anatwikana ufa n'kusiyana.

Lamulungu masana, tsiku losinthira, a Lameki ananyamula katoni kuchoka kwa Nangondo osadziwa kanthu. Kumwamba kunali kutada kale. Atafika tsidya linalo anapeza Nasimango ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Inu a Chadzunda lowani, pakhomo ndi panu. Koma kaluluyo alowa mukanena pano kuti mawa mukaphwasula khola la uko, lata ndi waya zibwere kuno."

A Lameki anaseka, anayesa kunyengerera, anatchula Lolemba. Mayiyo sanasunthe. Mawu ofunika anali ochepa, ndipo akanawanena akanalowa ouma, iwo ndi kalulu yemwe. Koma anaganiza za nkhope ya Nangondo. Anati aiwala chipewa, natembenuka, poganiza kuti wamkulu ndi wachifundo, asunga Dona sabata inanso.

Ali pakati pa dambo mvula inayamba, ija ya madontho akuluakulu. Anavula jekete n'kufunditsa katoni, nathamanga. Nangondo anatsegula chitseko pang'ono.

"Bambo, mwanyowa, lowani muothe moto. Koma mlendo wanuyo wandidyera kale bulauzi. Nenani kuti chitseko ndi chivundikiro zibwera kuno, ndimulandira ndi manja awiri."

"Mayi, nkhani zimenezi tikambe mvula ikasiya."

"Ndi mawu amodzi okha, bambo. Kuno kapena uko?"

A Lameki anaima pakhonde madzi akuchucha m'ndevu. Kusiya katoni panja sakanatha, agalu a pamenepo anali atayamba kale kununkhiza. Kunena kuti kuno, pakamwa panakana. Anadziuza kuti Nasimango ndi mwana, akawaona atanyowa chonchi amva chisoni. Analowanso m'mvula.

Katoni ndi pepala, ana inu. Pofika pakati pa minda inali itafewa ngati phala. Pansi pake panabooka, Dona anagwera m'matope, anadzikutumula, nayang'ana uku ndi uku, kenaka analowa m'chimanga. A Lameki anakwawa m'mizere akuitana dzina lake mpaka mvula inakata. Anatuluka ndi matope mpaka m'makutu, m'manja muli chikatoni chokhachokha. Anafunafuna mawa lake ndi mkuja, akazi onse awiri akuthandiza, koma kalulu sanaoneke.

A Velina atabwera sanakalipe, ndipo a Lameki ankati bola akanawamenya. Anamva nkhani yonse, kenaka anati akufuna kuona khola. Anawatengera kwa Nangondo, anaona lopanda chivundikiro. Anawoloka dambo, anaona lopanda pansi. Anagwira waya uja pamene anadulidwa, nati:

"Lameki, zipangizo unali nazo zokwana, nyumba unali nazo ziwiri, koma mwana wanga wasowa pogona. Mapanga awiri avumbwitsa."

Anatero n'kunyamula chikwama chawo, osafikira kwa aliyense. Mawu aja anawamva ndi amayi amene anatsatira kudzaonerera, ndipo pofika madzulo anali atazungulira msika wonse.

Tsono phanga ndi malo a pansi pa thanthwe pamene munthu wapaulendo amabisala mvula. Amene waona limodzi amalowa n'kukhala phee, ngakhale likhale lothina. Amene waona awiri amayamba kuyerekeza, akafika ili akuti lija ndiye labwino, akafika lija akumbuka ili, ndipo mvula imam'thera pamsana ali panjira. Akulu akakuuzani kuti mapanga awiri avumbwitsa, akutanthauza kuti zinthu zina zimafuna usankhe chimodzi n'kuchimaliza. Wofuna kukondweretsa mbali zonse amagawa mphamvu zake pakati ngati waya wa a Lameki, ndipo tsiku la mvula amapeza kuti kulibe kumene anamanga chathunthu.