Theka Si Mankhwala

Mayi wina wosoka zovala sankadziwa kutaya kanthu. Mabatani, zigamba, zipi zakufa, zonse zinkagona m'chitini cha mabisiketi pansi pa makina. Mwamuna wake atamwalira, mapiritsi amphamvu opha ululu omwe anatsala analowanso momwemo.

Mng'ono wake, namwino, anawaona tsiku lina akufuna singano.

"Achemwali, awa mubweze kuchipatala. Si a mutu wamba awa, amakola munthu ngati ulimbo."

"Iwe, mankhwala amataya? Tidzawafuna."

Anawafunadi. Mwana wamkazi wa mayiyo, mzime, ankaluka anthu tsitsi chiimirire tsiku lonse, ndipo ankabwera kunyumba msana utauma gwa. Mtima wa kholo suchedwa kusungunuka. Mayiyo anatenga sizasi yake yodulira nsalu n'kudula piritsi pakati.

"Theka chabe, mwanangu. Theka si mankhwala."

Mtsikanayo anagona tulo tokoma. Mawa lake anapemphanso, mkuja chimodzimodzi. Mayi ankadzitonthoza kuti sanampatsepo lathunthu, ngati kuti matheka akakumana m'mimba sadziwana. Mapiritsi atatha m'chitini, mwana anadzipezera yekha ogulitsa kuseri kwa malo okwerera basi, ndipo kumeneko kunalibe sizasi.

Manja aja oluka mizere yowongoka anayamba kuikhotetsa. Mtsikanayo ankasinza tsitsi la munthu lili m'manja, makasitomala n'kumachoka mmodzimmodzi osatsanzika. Masana ena anzake anamupeza atagwa kuseri kwa mpando, milomo itada, akupuma mwa apo ndi apo.

Kuchipatala anamupulumutsa, koma thupi linayamba kulirira chomwe linazolowera. Thukuta, kusanza, kubuula. Mayi anakhala pambali pa bedi mpaka miyendo kutupa, atatopa kufikira m'mafupa, makina kunyumba akuchita dzimbiri.

M'mawa wina mwanayo anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Amayi, ndikufa ine. Theka chabe. Si munkanena nokha kuti theka si mankhwala?"

Mayiyo anamasula zala za mwana wake chimodzichimodzi.

"Ayi, mwanangu."

Anatuluka n'kukatsamira khoma la mukhonde, kulira kopanda mawu. Mng'ono wake anadzaima pambali pake. Anangomupatsa kansalu kopukutira misozi. Mkatimo mwana ankaitanabe amayi ake, ndipo kwa nthawi yoyamba kumukonda kunali kusayankha.

Akulu sananame: chifundo chidapha nkhwali.