Kabuleta ya Alamu ndi Kabuleta ya Asewere

Panali munthu wina ku Luchenza amene anapuma pa ntchito ya udalaivala ku esiteti ya tiyi. Potsanzikana naye, mabwana ake anamulola kutenga galimoto imene inkaola kuseri kwa galaja. Inali galimoto yakale yaliwiro, ya mipando iwiri, yopanda denga. Mibadwo ingapo ya nkhuku inali itaswera mmenemo.

Munthuyo anaikonza pang'onopang'ono. Anapala dzimbiri, anasoketsa mipando, anaipaka penti yofiira. Mwana wake wamkazi, Enelesi, atapeza banja, bamboyo analengeza pamaso pa akumpingo kuti pa tsiku la ukwati adzamutenga yekha pa galimotoyo kukamutula pakhomo la tchalitchi.

Chinatsala ndi makabuleta. Achinyamata inu kabuleta simuidziwa, chifukwa magalimoto a masiku ano alibe. Ndi kachipangizo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya kuti injini idye. Galimoto imeneyi inkafuna awiri, ndipo awiriwo amayenera kukhala mapasa. Ina imadyetsa mbali yakutsogolo ya injini, inayo yakumbuyo. Munthuyo ankazidziwa bwino zimenezi.

Nkhani itamveka, kunabwera mlamu wake, malume a Enelesi, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anabweretsa makabuleta awiri aang'ono atawakulunga m'chitenje. Anati awa ndi ofatsa, samwa petulo. Mawa lake kunatulukira asewere, bambo a mkwati, kuchokera ku Limbe, atanyamula awiri akuluakulu onyezimira, kukamwa ngati malipenga. Anati amenewa akalira, a ku Mulanje adzadziwa kuti ku Luchenza kuli ukwati.

Onse anali abwino. Akanamanga a alamu, galimoto ikanayenda mwaulemu nkukafika. Akanamanga a asewere nkuwatchuna bwino, ikanafikanso, ikubangula. Koma kukana alamu kunali kuputa nkhoswe, ndipo kukana asewere kunali kuyamba chibale ndi chipongwe. Anafunsa mkazi wake. Mkaziyo anati za zitsulo sazidziwa, koma achimwene ake amawadziwa.

Pamapeto pake munthuyo anatenga sipanala. Kutsogolo anamanga imodzi ya asewere, kumbuyo imodzi ya alamu. Alamu atabwera kudzaona, anawatsegulira boneti ataphimba inayo ndi nsanza. Asewere atabwera, anangosuntha nsanzayo. Onse anabwerera kwawo akumwetulira. Pabwalo injini inkalira ndithu, ngakhale inkatsokomola. Iye anadziuza kuti ndi kuzizira. Pamsewu sanaiyese, poopa kumva zimene ankazidziwa kale.

Tsiku la ukwati linafika. Enelesi anakhala pampando, velo ili mbuu. Alamu ndi asewere anakwera galimoto yotsatira pambuyo, aliyense akupempha mnzake mwaulemu kuti amvetsere bwino kulira kwa injini.

Pamtsetse zinayenda. Atafika pachitunda cha kumsika, munthuyo anaponda moto. Theka la injini linakhuta mpaka kutsamwa, theka linzake likufa ndi njala. Galimoto inadumpha ngati mbuzi yomangidwa miyendo, inaima, inadumphanso. Kenako inaphulitsa kumbuyo ngati mfuti. Amayi ogulitsa tomato anagona pansi. Injini inazima, galimoto nkubwerera chambuyo kulowa m'chiutsi chake chomwe, mkwatibwi ali pamtetete.

Alamu ndi asewere anathamangira kudzathandiza. Asewere anati vuto silingakhale makabuleta awo. Alamu anafunsa kuti makabuleta awo ati. Anatsegula boneti onse awiri pamodzi, ndipo anayang'anamo nthawi yaitali.

Alamu ndi amene anayamba kulankhula. "Alamu, mukanandibwezera zangazo, ndikananyanyala masiku ochepa basi. Koma mpaka kundiika kumbuyo?"

Asewere anangopempha sipanala nkuyamba kumasula yawo pomwepo, ali mu suti.

Enelesi anatsika, anakutumula velo, anakwinya diresi nkuitana wakabaza.

"Ababa, mundipeza," anatero.

Anakafika kutchalitchi ali pa kaliyala ya njinga, mphuno ili mwaye wokhawokha. Bambo ake anafika abusa atadalitsa kale mphete, thukuta lili kamukamu chifukwa chokankha galimoto. Ku madyerero alamu ndi asewere anakhala tebulo limodzi ngati abale enieni, atagwirizana zosalankhula ndi bambo a Enelesi.

Abale anga, makamaka inu amene mwangosankhidwa kumene mu komitiyi, anthu adzakubweretserani nzeru ziwiri, zonse zabwino, ndipo eni ake onse adzakhala anthu amene simufuna kuwakhumudwitsa. Amvereni onse, athokozeni onse. Kenako sankhani imodzi, ndipo winayo mukamuuze nokha pamaso. Adzakwiya, koma mkwiyo umenewo umaphwa. Mukatenga theka uku theka uku kuti aliyense amwetulire, pabwalo zidzalira bwino ndithu. Koma kutsogolo kuli chitunda, ndipo mwaye udzagwera amene munalonjeza kumufikitsa.