Khola la Anapiye la Mkamwini wa ku Chigwa

Panali munthu wina, dzina lake Fombe, wobadwira ku chigwa cha Shire kumene dzuwa limaphika munthu ali moyo. Anakakwatira ku mapiri a ku Dedza, n'kukhala chikamwini kwa mkazi wake Nabiyeni.

Pamudzipo panali chigayo cha mlamu wake wa Fombe. Injini ya chigayocho sinkangogaya ayi. Inkayatsanso magetsi m'nyumba za pabanjapo, ndipo madzi oziziritsira injiniyo, amene amatuluka ali otentha, sankatayidwa pansi. Ankayenda m'mapaipi kukafunditsa makola a anapiye a abale onse. Khola lililonse linali ndi paipi yake, ndi mpopi wake wotsegula ndi kutseka.

Fombe ankaona anzake akupindula ndi nkhuku, iye n'kumangotchedwa "wobwera uja". Zinkamuwawa kwambiri. Anatsimikiza mtima zoweta nayenso, kuti apongozi ake aakazi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wachabechabe. Anamanga khola lalikulu, ndipo kumanga ankakudziwa, tisamunamizire. Koma analimanga monga amamangira kwawo, kumene nkhuku zimafa ndi kutentha. Pakati pa khoma ndi denga anasiya mpata woti mutu wa munthu n'kulowa. Mazenera aakuluwo anangoikamo waya.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyanjane, kuno si ku chigwa. Matani mipatayi, mazenerawa mutchinge ndi masaka, musiye timabowo ta mpweya basi."

Iye anati, "Iwe, nkhuku ndayamba kuziona lero? Khola losapuma limapha."

Juni anafika ndi chisanu chake. Anapiye a Fombe anayamba kuunjikana papaipi, akungolira. M'mawa uliwonse ankatola akufa n'kukawakwirira kuseri, kuti anthu asaone. Anapita kwa mlamu wake kukadandaula kuti madzi otentha akumuchepera. Mlamuyo anali munthu wofatsa. Anamutsegulira mpopi wonse, n'kumasiya injini ikulira ngakhale ogayitsa atatha. Mafuta ankapita, anapiye nawo n'kumapitabe.

Ndiye diso la Fombe linagwera pa khola la mkulu wake wa Nabiyeni, mayi wamasiye. Kakhola kake kanali konyansa, komatamata dothi, kunsi kwa denga atayalako mphasa zakutha. Koma anapiye ake anali onenepa, akuthamangitsana. Fombe sanayang'ane dothilo, sanayang'ane mphasazo. Anangoti mumtima, "Ehe, akumukondera. Madzi abwino akupita kwa mbale wawo."

Tsiku lina kunagwa maliro kutsidya kwa mtsinje. Onse anapita, mkamwini anamusiya kuti aziyang'anira chigayo. Anthu atangozimiririka pachitunda, Fombe anatseka mipopi ya anzake yonse. Madzi otentha a mudzi wonse analunjika m'khola lake. Anakhudza paipi yake, inamuotcha chala, iye n'kuseka. Anabwerera kuchigayo mtima uli m'malo. Tsikulo dzuwa silinatuluke, ndipo mphepo ya kuphiri inaomba tsiku lonse.

Madzulo olira maliro anabwerera. Mayi wamasiye uja anathamangira kukhola kwake, n'kupeza paipi ili zii. Anakuwa, "Mayo ine, anapiye anga!" Koma atatsegula chitseko, mpweya wofunda unamulandira kumaso. Kutentha kwa m'mawa kunali kudakali momwemo, anapiye akujompha chakudya ngati palibe chachitika.

Mkuwo uja unaitana anthu. Anatsata mipopi yotsekedwayo mpaka anafika pa khola la Fombe, iye akubwera pambuyo. Zimene anaona zinali zomvetsa chisoni. Anapiye onse anali mulu umodzi papaipi. Apansi anapsa ndi kupsinjika, apamwamba anauma ndi mphepo. Otsala amoyo anali oti n'kuwanyamula m'chipewa. Paipi inali ikadatentha ndithu, koma munthu ukaimirira m'kholamo, mphepo inkakumenya m'khosi ngati uli panja.

Apongozi ake sanamuyang'ane, poti mkamwini salankhulidwa maso ndi maso. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena motsitsa, aliyense akumva, "Nabiyeni, uwafunse amuna akowa. Moto wa mudzi wonse atenga lero, aufikitsa kuti?"

Fombe anachita manyazi oti akanakonda nthaka ikanang'ambika.

Tsono inu mukundimvera, musaseke msanga. Chigayo chija chinali chanzeru, ndipo mapaipi aja analibe mlandu. Koma moto wogawana umathandiza nyumba imene ikutha kuusunga. Ambiri a ife tikamva kuzizira timathamangira kwa mwini injini: wonjezerani, wonjezerani! Tikaona kwa mnzathu kukufunda timati amukondera, mwinanso n'kumulanda chake. Musanapemphe moto wina, lowani kaye m'nyumba mwanu, mutseke chitseko, muimirire phee. Pamene mphepo ikukukhudzanipo, ntchito yanu ili pamenepo. Dothi lili pakhomo panu pomwepo, ndipo palibe wina adzabwere kudzakumatirani.